Kodi Nyenyezi Zimene Zili ndi Mapulaneti N'zochuluka Bwanji?

Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, mapulaneti okhawo amene anthu ankawadziwa anali amene amazungulira dzuwa lathuli, ndipo funso lakuti kaya nyenyezi zina nazonso zili ndi mapulaneti linkangothera m'maganizo, chifukwa panalibe chipangizo chimene chikanatha kuliyankha. Lero nkhaniyi yafika pena. M'mwezi wa September 2025, chiwerengero cha mapulaneti otsimikizika ozungulira nyenyezi zina, chimene bungwe la zakuthambo la ku America la NASA limasunga, chinakwana 6,000, ndipo akatswiri a zakuthambo amanena mosakayika kuti mu mlalang'amba wathu wa Milky Way muli mapulaneti ochuluka mofanana ndi nyenyezi zake kapena kuposa pamenepo, kutanthauza kuti ndi oposa 100 biliyoni. Manambala awiriwa ndi otalikirana kwambiri, moti munthu woganiza bwino ayenera kufunsa kuti asayansi amachoka bwanji pa 6,000 amene anawapezadi n'kufika pa mabiliyoni amene sanawaonepo.

Kuti tidziwe ngati chinthu n'chofala kapena chosowa, tiyenera kudziwa kaye mmene chimapangikira, ndipo apa m'pamene akatswiri anakhala akusiyana maganizo kwa nthawi yaitali. Mu 1755 Immanuel Kant, kenako Pierre-Simon Laplace mu 1796, anafotokoza kuti dzuwa ndi mapulaneti ake zinachokera mu mtambo umodzi waukulu umene unkazungulira n'kumaphwatalala pang'onopang'ono. Ngati zinalidi choncho, ndiye kuti nyenyezi iliyonse yobadwa mwanjira yomweyo ikhoza kukhala ndi mapulaneti. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunatchuka maganizo ena, amene James Jeans wa ku Britain anawalimbikitsa kwambiri, akuti kalekale nyenyezi ina inadutsa pafupi ndi dzuwa ndipo mphamvu yake yokoka inang'amba mbali ya mpweya wotentha wa dzuwalo, umene pambuyo pake unazirala n'kusanduka mapulaneti. Popeza nyenyezi n'zotalikirana kwambiri moti kuyandikirana kotereku sikuchitikachitika, maganizo amenewa ankatanthauza kuti mapulaneti anabwera mwangozi, ndiponso kuti dzuwa lathu ndi imodzi mwa nyenyezi zochepa zedi zimene zili nawo. Mu 1939 Lyman Spitzer anasonyeza ndi masamu kuti mpweya wotentha choncho ukanangomwazika m'malo moundana, ndipo akatswiri anayamba kubwerera ku maganizo a mtambo wozungulira uja. Komabe umboni wogwirika unali usanapezeke.

Vuto linali lakuti pulaneti limangobweza kuwala kwa nyenyezi yake, ndipo limakhala pambali pa chinthu chowala kuliposa kutalitali. Dzuwa limawala kuposa Jupiter kuwirikiza pafupifupi ka 1 biliyoni, ndipo limawala kuposa dziko lapansi kuwirikiza pafupifupi ka 10 biliyoni. Mtunda nawonso ndi woopsa, chifukwa ngakhale kuti kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, kumatenga zaka zoposa zinayi kuti kuchoke pa Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa, n'kufika kuno. M'zaka za m'ma 1960, Peter van de Kamp analengeza kuti wapeza mapulaneti aakulu ozungulira nyenyezi ya Barnard, koma pambuyo pake zinadziwika kuti kugwedera kumene ankaona pa zithunzi zake kunkachokera ku telesikopu imene ankagwiritsa ntchito. Zoterezi zinachititsa kuti aliyense wonena kuti wapeza pulaneti azimumvetsera mokayikira.

Njira imene inathandiza inali yosiya kufunafuna pulaneti lenilenilo n'kuyamba kuyang'anitsitsa zimene pulanetilo limachita kwa nyenyezi yake. Nyenyezi imakoka pulaneti, koma pulaneti nalonso limakoka nyenyezi, choncho nyenyeziyo imayenda kanjira kakang'ono kozungulira, nthawi zina kubwera chakuno, nthawi zina kupita chakutali. Ikamabwera chakuno, kuwala kwake kumapendekera pang'ono ku mtundu wa buluu, ndipo ikamatalikira kumapendekera ku mtundu wofiira, moti chipangizo chogawa kuwala m'mitundu yake chimatha kuyeza liwiro la kugwederako. Jupiter amachititsa dzuwa kugwedera pa liwiro la mamita pafupifupi 13 pa sekondi, pamene dziko lapansi limangoligwedeza masentimita 9 okha pa sekondi. Mapulaneti oyamba kutsimikizika anapezeka mu 1992, pamene Aleksander Wolszczan ndi Dale Frail anazindikira kuti chotsalira cha nyenyezi ina imene inaphulika kalekale, chotchedwa PSR B1257+12, chinkatumiza mafunde ake a wailesi mofulumirirapo kapena mochedwerapo chifukwa cha mapulaneti ochizungulira. Kenako mu 1995, Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku yunivesite ya Geneva, pogwiritsa ntchito telesikopu ya ku Haute-Provence m'dziko la France, anapeza pulaneti loyamba lozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa, yotchedwa 51 Pegasi. Ntchito imeneyi inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2019.

Pulaneti limeneli linadabwitsa aliyense. Kulemera kwake ndi pafupifupi theka la Jupiter, koma limazungulira nyenyezi yake m'masiku anayi okha ndi maola ochepa, pamene Mercury, amene ali pafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, amatenga masiku 88. M'zaka zotsatira mapulaneti ena aakulu ndi otentha oterewa anapezeka ambiri, ndipo munthu akanatha kuganiza kuti amenewa ndiwo ofala m'chilengedwe. Apa pali phunziro limene nkhani yonseyi yatsamirapo. Msodzi amene akuponya ukonde wa maso akuluakulu amakola nsomba zikuluzikulu zokhazokha, ndipo angalakwitse kwambiri atanena kuti m'nyanjamo mulibe nsomba zing'onozing'ono. Zipangizo za nthawi imeneyo zinkatha kuona mapulaneti olemera okha ndiponso oyandikana ndi nyenyezi zawo, chifukwa amenewo ndi amene amagwedeza nyenyezi mwamphamvu komanso mofulumira. Tsopano tikudziwa kuti mapulaneti aakulu otentha amenewa amapezeka pa nyenyezi pafupifupi imodzi yokha pa 100 zilizonse zofanana ndi dzuwa.

Chimene chinasintha ntchitoyi kuchoka pa kutola pulaneti limodzilimodzi n'kufika pa kalembera weniweni chinali telesikopu ya m'mlengalenga yotchedwa Kepler, imene NASA inatumiza mu March 2009. Telesikopuyi inkagwiritsa ntchito njira ina. Pulaneti likamadutsa pakati pa ife ndi nyenyezi yake, limatchinga kachigawo kakang'ono ka kuwala, ndipo nyenyeziyo imathima pang'ono kwa maola angapo kenako n'kubwerera mwakale. Pulaneti lalikulu ngati Jupiter limachotsa pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a kuwala kwa nyenyezi yonga dzuwa, pamene lofanana ndi dziko lapansi limachotsa zosakwana gawo limodzi pa magawo 10,000. Kukula kwa kuthimako kumasonyeza kukula kwa pulaneti, ndipo nthawi imene kumatenga kuti kubwerezedwe imasonyeza kutalika kwa chaka chake. Kwa zaka zinayi Kepler inayang'ana mbali imodzi yokha ya thambo, m'dera la magulu a nyenyezi a Cygnus ndi Lyra, n'kumayeza kuwala kwa nyenyezi pafupifupi 150,000 theka la ola lililonse. Pamene inkasiya kugwira ntchito mu October 2018 mafuta ake atatha, inali itathandiza kupeza mapulaneti amene otsimikizika ake ndi oposa 2,600.

Wina angadabwe kuti mapulaneti 2,600 pa nyenyezi zambirimbiri chonchi akusonyeza bwanji kuti mapulaneti ndi ofala, popeza nyenyezi zochuluka sizinasonyeze kanthu. Mfundo yaikulu ndi yakuti pulaneti limaoneka likudutsa pokhapokha ngati njira yake yalunjika ndendende pakati pa ife ndi nyenyeziyo, ndipo njira za mapulaneti a nyenyezi zosiyanasiyana zinapendekera mbali iliyonse popanda dongosolo logwirizana ndi pamene ife tili. Mwayi woti njirayo ilunjike chonchi ungawerengedwe bwinobwino ndi masamu. Kwa pulaneti loyandikana kwambiri ndi nyenyezi yake, monga aakulu otentha aja, mwayiwo ndi pafupifupi umodzi pa 10. Kwa pulaneti limene lili pa mtunda wofanana ndi wa pakati pa dziko lapansi ndi dzuwa, mwayiwo ndi pafupifupi umodzi pa 200. Izi zikutanthauza kuti pulaneti limodzi loterolo likapezeka, likuimira enanso pafupifupi 200 amene alipo pakati pa nyenyezi zomwezo koma njira zawo zinaphonya maso athu.

Kuwerengetsa sikuthera pomwepo. Ngakhale pulaneti litadutsadi kutsogolo kwa nyenyezi, chizindikiro chake chikhoza kusokonekera chifukwa nyenyezi nazonso zimasinthasintha kawalidwe kake. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa mapulaneti amene amawaphonya mwanjira imeneyi, asayansi amalowetsa dala zizindikiro zongopanga m'miyezo yeniyeni ya telesikopu, kenako amaona kuti pulogalamu ya pakompyuta yazipeza zingati. Ikapeza theka la zizindikiro za kukula kwinakwake, amadziwa kuti chiwerengero cha mapulaneti a kukula kumeneko chiyenera kuwirikizidwa kawiri. Amachotsanso zizindikiro zonama, makamaka zochokera ku nyenyezi ziwiri zimene zimazungulirana n'kumatchingana. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ya ntchitoyi, ngakhale kuti sitchuka m'nkhani za pa wailesi, ndiyo yofunika ulemu waukulu, chifukwa ndi imene imachititsa kuti chiwerengero cha mabiliyoni chija chikhale chotuluka m'miyezo imene munthu wina aliyense wodziwa masamu angaibwereze.

Zotsatira zake n'zochititsa chidwi. Mapulaneti ofala kwambiri pa amene Kepler inatha kuwaona ndi aakulu kuposa dziko lapansi koma aang'ono kuposa Neptune, mtundu umene dzuwa lathu lilibe ngakhale limodzi. Kafukufuku wosiyanasiyana amasonyeza kuti nyenyezi zitatu mpaka zisanu pa 10 zilizonse zofanana ndi dzuwa zili ndi mapulaneti oterewa pafupi nazo, ndipo kawirikawiri amakhala angapo pa nyenyezi imodzi. Nyenyezi ya Kepler-11 ili ndi mapulaneti 6 odziwika, ndipo Kepler-90 ili ndi 8, mofanana ndi dzuwa.

Koma kuti timvetse kuchuluka kwenikweni tiyenera kuyang'ana nyenyezi zing'onozing'ono zofiira, zimene n'zozizirirapo kuposa dzuwa ndipo n'zosaoneka ndi maso paokha, koma zilipo pafupifupi zitatu pa nyenyezi zinayi zilizonse mu mlalang'amba wathu. Mu 2015, Courtney Dressing ndi David Charbonneau anawerengetsa kuchokera m'miyezo ya Kepler kuti nyenyezi iliyonse ya mtundu umenewu ili ndi mapulaneti ang'onoang'ono oposa awiri, tikawagawa mofanana, ndipo apa ankangowerenga amene chaka chawo sichikwana masiku 200. Chitsanzo chodziwika bwino ndi TRAPPIST-1, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 40 kuti kufike kuno. Mu February 2017 gulu lotsogoleredwa ndi Michaël Gillon wa ku yunivesite ya Liège ku Belgium linalengeza kuti nyenyeziyi ili ndi mapulaneti 7 ofanana kukula kwake ndi dziko lapansi, ndipo onsewo ali pafupi ndi nyenyezi yawo kuposa mmene Mercury alili ndi dzuwa. Proxima Centauri ili ndi pulaneti limene linapezeka mu 2016, lozungulira m'masiku 11. Nyenyezi ya Barnard ija nayonso inapezeka mu 2024 kuti ilidi ndi pulaneti, koma laling'ono, losiyana kwambiri ndi aakulu amene van de Kamp ankaganiza kuti wawaona.

Njira ziwiri zimene tafotokozazi zimakondera mapulaneti apafupi ndi nyenyezi zawo, choncho n'zolimbikitsa kuti pali njira yachitatu imene imaona akutali. Malinga ndi mfundo ya Albert Einstein, mphamvu yokoka imapinda kuwala, moti nyenyezi ikadutsa kutsogolo kwa inzake yakutali kwambiri, imachititsa kuti yakutaliyo iwale mowonjezereka kwa milungu ingapo, ndipo ngati yapafupiyo ili ndi pulaneti, pamaoneka kuwala kwina kowonjezera kwa maola kapena masiku ochepa. Mu 2012, Arnaud Cassan ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wotereyu wa zaka 6, ndipo anapeza kuti nyenyezi iliyonse ili ndi pulaneti limodzi kapena kuposerapo pa mitunda yapakatikati, tikawagawa mofanana. Njira zitatu zodalira mfundo zosiyana, zokhala ndi zofooka zosiyana, zikafika pa yankho limodzi, kukayikira kumachepa kwambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani mapulaneti ali ofala chonchi? Yankho limatibwezera ku mtambo wa Kant ndi Laplace. Nyenyezi imabadwa pamene chigawo cha mtambo wozizira wa mpweya ndi fumbi chayamba kudzikokera mkati chifukwa cha kulemera kwake. Mtambo uliwonse wotero umakhala ukuzungulira pang'ono, ndipo ukamachepa umazungulira mofulumira kwambiri, moti si zinthu zonse zimene zingagwere pakati. Zotsalazo zimayalana mozungulira nyenyezi yatsopanoyo n'kupanga chimbale chachikulu cha mpweya ndi fumbi. M'chimbalemo tinthu ta fumbi timagundana n'kumamatirana, timakula kukhala timiyala, kenako matanthwe, mpaka zina zimalemera mokwanira kuti zizikoka zinzake. Pafupi ndi nyenyezi, kumene kumatentha, kumatsala miyala ndi zitsulo, pamene kutali, kumene madzi amaundana, kumakhala zomangira zambiri, ndipo pulaneti likakula msanga limakoka mpweya wochuluka n'kukhala chimphona ngati Jupiter. Kupangika kwa zimphonazi kumayenera kutha mofulumira, chifukwa mpweya wa m'chimbale umamwazika pakangopita zaka mamiliyoni ochepa. Pa nthawi yomweyo chimbalecho chimatha kukokera pulaneti mkati, ndipo imeneyi ndi imodzi mwa njira zimene zimphona zotentha zija zingafikire pafupi ndi nyenyezi zawo.

Zimenezi zinaonedwa ndi matelesikopu. Nyenyezi zambiri zimene zili ndi zaka pafupifupi miliyoni imodzi zimaoneka zili ndi zimbale zoterezi. Mu 2014 matelesikopu a ALMA, amene ali m'chipululu cha Atacama ku Chile, anajambula chimbale cha nyenyezi yongobadwa kumene ya HL Tauri, ndipo chinaoneka chili ndi mizere yozungulira ndi mipata yakuda pakati pake, imene akatswiri ambiri amati ikulimidwa ndi mapulaneti amene akupangika. Mu 2018 telesikopu ya Very Large Telescope, ku Chile komweko, inajambula pulaneti lenileni lili m'kati mwa mpata wa chimbale cha nyenyezi ya PDS 70, ndipo chaka chotsatira lachiwiri linapezeka. Choncho mapulaneti amapangika kuchokera ku zotsala za kubadwa kwa nyenyezi, ndipo kulikonse kumene nyenyezi zikubadwa, zomangira zake zimakhalapo. M'dongosolo lathu lino dzuwa lokha linatenga magawo oposa 99 pa 100 a kulemera konse, ndipo mapulaneti onse 8 anachokera m'kachigawo kotsalako.

Umboni wina umasonyeza kuti zimenezi zinayamba kalekale. Nyenyezi ya Kepler-444 ili ndi zaka pafupifupi 11 biliyoni, kuposa kuwirikiza kawiri zaka 4.6 biliyoni za dzuwa, koma ili ndi mapulaneti asanu aang'ono kuposa dziko lapansi. Nyenyezi zakufa nazonso zimachitira umboni. Nyenyezi yonga dzuwa ikatha moyo wake imasiya chotsalira chake choyera ndi cholemera kwambiri, chimene mphamvu yake yokoka imamiza msanga zinthu zolemera monga chitsulo ndi kashiamu. Komabe pakati pa gawo limodzi mwa magawo anayi ndi theka la nyenyezi zakufa zoterezi zimaoneka zili ndi zinthu zimenezi pamwamba pake, kusonyeza kuti zikumezabe zidutswa za matanthwe ochokera m'dongosolo la mapulaneti limene linkazizungulira. Ngakhale nyenyezi ziwiri zozungulirana zikhoza kukhala ndi pulaneti lozungulira zonse ziwiri, monga Kepler-16b limene linapezeka mu 2011.

Sikuti kulikonse zinthu n'zofanana. Mapulaneti akuluakulu amapezeka kwambiri pa nyenyezi zokhala ndi chitsulo chambiri ndi zinthu zina zolemera, pamene ang'onoang'ono sasankha kwenikweni. Pamene telesikopu ya Hubble inayang'ana nyenyezi pafupifupi 34,000 za m'gulu lakale ndi lothithikana la 47 Tucanae, limene nyenyezi zake zili ndi zinthu zolemera zochepa, sinapeze chimphona chotentha ngakhale chimodzi. Nyenyezi ziwiri zimene zili pa mtunda wapakatikati zimathanso kusokonezerana zimbale, mapulaneti n'kuchepa.

Pafupifupi mapulaneti onse odziwika ali mu mlalang'amba wathu, ndipo ambiri ali m'dera lathu lomwe lino. Kunena za milalang'amba ina kumadalira mfundo yakuti kuwala kochokera kumeneko kumasonyeza zinthu zomwezo zimene zili kuno, monga haidirojeni, kaboni, okosijeni ndi chitsulo, komanso kuti nyenyezi zake zimabadwa m'mitambo ya mpweya ndi fumbi motsatira malamulo omwewo. Popeza milalang'amba imene ili m'mbali ya chilengedwe imene tingathe kuona ndi yoposa 100 biliyoni, ndipo yambiri ili ndi nyenyezi mamiliyoni kapena mabiliyoni, palibe chifukwa chomveka choganizira kuti mlalang'amba wathu wokha ndiwo uli ndi mapulaneti.

Pali cholakwika chimodzi chimene ndikufuna kuti owerenga achipewe, chomwe ndi kuganiza kuti kuchuluka kwa mapulaneti kukutanthauza kuchuluka kwa maiko onga lathuli. Mu 2013 Erik Petigura ndi anzake anawerengetsa kuti pafupifupi nyenyezi imodzi pa zisanu zofanana ndi dzuwa ili ndi pulaneti la kukula koyandikira dziko lapansi pa mtunda umene madzi angakhale osaundana komanso osawira, koma akatswiri ena anapeza manambala osiyana kwambiri, chifukwa mapulaneti oterewa anali kumapeto kwenikweni kwa zimene Kepler inkatha kuona. Komanso kukula ndi mtunda paokha sizikwanira. Venus ndi wofanana kukula ndi dziko lapansi, koma mpweya wake wochindikala umachititsa kuti pansi pake pazitentha madigiri seshasi oposa 460. Nyenyezi zofiira zija zimakonda kulavula malawi amphamvu amene angakokolole mpweya wa mapulaneti apafupi, ndipo miyezo ya telesikopu ya James Webb, imene inatumizidwa mu December 2021, ikusonyeza kuti pulaneti lamkati kwambiri la TRAPPIST-1 lilibe mpweya wochindikala.

Funso lakuti dongosolo la dzuwa lathu ndi lofala kapena lachilendo limavuta pa chifukwa chomwe chija cha zipangizo. Jupiter amatenga zaka pafupifupi 12 kuti azungulire dzuwa, Saturn amatenga zaka 29, ndipo Neptune amatenga zaka 165, pamene ntchito yofufuza mapulaneti mwa kugwedera kwa nyenyezi yangokwanitsa zaka zoposa 30 pang'ono. Wofufuza amene ali pa nyenyezi ina, atakhala ndi zipangizo zofanana ndi zathu, akanapeza Jupiter, mwinanso Saturn, koma dziko lapansi akanaliona pokhapokha njira yake italunjika kwa iye, ndipo Uranus ndi Neptune akanawaphonya. Kafukufuku amene alipo amasonyeza kuti zimphona zozizira zonga Jupiter zimapezeka pa nyenyezi pafupifupi imodzi pa 10 zofanana ndi dzuwa, ndipo chiwerengero chimenechi chikuyembekezeka kuyezedwa bwino kwambiri ndi miyezo ya chombo cha Gaia cha bungwe la zakuthambo la ku Ulaya, chimene kuyambira pamene chinatumizidwa mu 2013 mpaka pamene chinasiya ntchito mu 2025 chinkayeza malo enieni a nyenyezi zoposa 1 biliyoni. Nyenyezi yokhala ndi pulaneti lolemera lakutali imasuntha pang'ono uku ndi uku pathambo, ndipo pulanetilo likatalikira, kusunthako kumakula, choncho njira imeneyi imaona bwino mbali yomwe Kepler sinkatha kufikako.